Kudzera mwa Inu, a Wapampando

Usiku wathawu ndinalota komiti yathu yomwe ino, ndiye khalani pansi ndikuuzeni a Wapampando asanafike. A Thombozi, siyani kaye foniyo, munalimo. Inunso Mai Kadzakumanja munalimo, ndipo mukamva chimene munasanduka musandisungire kukhosi, sindinachite kukusankhirani ine. Tiyi wangayu wina amwe, ine lero sindimufuna.

Ndinalota tili m'chipinda chathu chomwe chino, ife aphungu a komiti yoona za chitetezo, koma mawindo onse anali atawatseka ndi njerwa. Kuwala kunalimo ndithu, kungoti kochokera sikunkadziwika. Ndiye nkhani imene tinakumanira inali yakuti dziko lathu likugulitsa mizinga kwa abale athu a tsidya la mtsinje, aja tinapangana nawo kuti wakuputa iwe waputa ine. Inde, ife tomwe amene ngakhale singano timachita kuitanitsa kunja. Kumaloto sizinandidabwitse n'komwe. Sinali mizinga yokaputira anthu, inali ija yodikira: mdani akaponya wake, wathu umanyamuka n'kukakumana nawo m'mwamba usanagwe. Boma linali litavomera kale, ogula anali atavomera kale, chotsala chinali chakuti ife tifunse mafunso n'kunena kuti eya kapena ayi.

Mumandidziwa ine Kalilangwe. Chilowereni m'Nyumba ya Malamulo sanandithamangitsepo, sanandikhazikepo pansi, sanandiuzepo kuti bweza mawu amenewo. Ena a inu mumalowa ndi ukali, ine ndimalowa ndi dongosolo. Lamulo ndimalidziwa ngati dzina langa: mkumano ukakhala mkati phungu salankhula ndi munthu maso ndi maso, kaya ndi nduna, kaya ndi mboni, kaya ndi mlendo wongodzaonerera. Mawu onse amadzera mwa Wapampando. Ndiye ndinakhala pamalo panga, tayi ali m'khosi, ndikudziuza kuti lero anthu aziona, paja safunsa anadya phula.

Wapampando wathu a Sambakunsi anati titseke maso tipemphere. Tinatseka. Pempherolo linatalika, mawu awo akunka natsika, akunka nazizira, ndiye nditamva ameni n'kutsegula maso ndinaona jekete lawo lili lendee pampando, mulibe munthu. Mwadzidzidzi m'kolala munatuluka mutu wa nsato, utavala magalasi awo aja. Thupi linatsatira, likutuluka, likutulukabe, mpaka linazungulira tebulo lonse kudutsa pamapazi pathu, mchira n'kukathera uko kumene kumakhala mboni.

"Mkumano watsegulidwa," inatero nsatoyo. Mawu anali a Sambakunsi enieni, ndi katsokomole kawo kaja komwe.

Palibe anathawa. Inu a Thombozi munangosendeza mapazi kuti a Wapampando adutse bwino, n'kuimirira.

"Kudzera mwa inu, a Wapampando," munatero, "tikuwalandira a Nduna a za chitetezo."

Apa m'pamene ndinaona mmene zinthu zikuyendera. Mawu anuwo atatuluka pakamwa sanamveke kwa amene mumawauza. Anaundana n'kukhala chinthu chobulungira, chonga dzira la bakha, chili lende m'malere. Nsato inayasamula n'kuchimeza. Tonse tinachiona chikuyenda m'thupi mwake, chotupa chikusuntha pang'onopang'ono pansi pa mamba, kudutsa pamapazi pa uyu, pamapazi pa uyo, mpaka chinakatulukira kumchira. Kumeneko chinasweka, ndiye a Nduna anamva kuti alandiridwa n'kugwedeza mutu. Ine ndinagwira chibwano n'kupeza ndevu zamera, chonsecho ndinali nditameta m'mawa.

A Nduna anali munthu ndithu polowa, wa suti yakuda, wonunkhira bwino. Anati abwera ndi mboni. Chitseko chinatseguka chokha, ndiye mzinga unalowa ukuwerama kuti usagunde pamwamba. Unali wautali ngati mtengo wa magetsi, wotuwa, wopanda miyendo, koma unkayenda. Utafika unavula kapu kake kosongoka n'kukafumbata, ngati mkulu wa mpingo amene wabwera kudzazonda wodwala.

"Ndikhale pati?" unafunsa motsitsa mawu.

Anaulozera mpando wa kumchira. Unakhala, mpandowo osalira n'komwe.

Ndiye a Nduna anati atisonyeze ubwino wa malondawo. Anagwira nsalu yobiriwira ya patebuloyi n'kuikutumula, ndipo itagwanso sinalinso nsalu, linali dziko la tsidya lija lathunthu: mapiri ake, misewu yake, timagalimoto tikuyenda, utsi ukutuluka m'timakhitchini. Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa beseni lochapira, lachitsulo, n'kulivundikira pa likulu lawo.

"Ili ndilo denga limene tikuwagulitsa," anatero mawuwo atatha ulendo wawo wa m'mimba. "Aliyense amene ali m'kati mwa besenili azigona tulo tofa nato."

M'katimo munalowa nyumba ya mtsogoleri wawo, bwalo la ndege, mabanki, ndi nyumba za akazembe. Nonse munaomba tebulo. Ine ndinawerama kuti ndione pamene pathera besenilo, chifukwa denga lililonse lili ndi pothera, ndipo mvula imene denga lakana imagwera pamenepo. Mphepete mwake munadutsa m'dera la tinyumba ta malata. Kunja kwake pang'ono kunali kanyumba ka chitseko chobiriwira, kachingwe kutsogolo, matewera atayanikidwa. Ndinawerama kwambiri mpaka tayi anakhudza phiri. Pachingwepo panali mayi, wochepa ngati nyerere, khanda lili kumbuyo.

Anali Sungeni. Mwana wanga Sungeni, uja munadzavina pa ukwati wake, amene anakwatiwa ndi mphunzitsi wa tsidyalo. Khandalo ndi mdzukulu wanga amene mpaka lero sindinamunyamulepo, ndimangomuona pafoni.

Ndinaimirira. Lilime la nsato linandiloza, ndiye kuti ndapatsidwa mwayi.

"Kudzera mwa inu, a Wapampando, ndikufuna mboniyi ifotokoze ntchito yake."

Dzira linamezedwa, tinadikira, linatuluka. Mzinga unakonza kukhosi.

"Ntchito yanga ndi yochepa, mabwana. Ndili ndi mnzanga amene sindinamuonepo. Iye anamuphunzitsa kugwa, ine anandiphunzitsa kukwera. Tsiku lina tidzakumana m'mwamba, ndiye tikadzakumana tidzafa tonse. Basi."

"Kudzera mwa inu, a Wapampando, nanga mitembo yawo idzagwera kuti?"

Funso limeneli linayenda movutikira. Nsato inachita kulikankha, maso ali tong'o kuseri kwa magalasi. Litafika, mzinga unayamba kupotokola kapu kake.

"Mtembo susankha manda, bwana. Koma anatiuza kuti tizikumanira pamwamba pa mphepete mwa beseni, kuti m'kati musagwere kanthu."

Mwadzidzidzi ndinamva nsalu ikung'ambika. Inali suti ya a Nduna. Minga inkatuluka kumsana kwawo, yakuda ndi yoyera, yaitali, ikuboola jekete, nkhope ikusongoka, mpaka pampandopo panakhala nungu ya tayi wofiira. Minga yonse inali chilili, ikuchita phokoso ngati nsungwi zouma.

"Zimene yanena mboniyi ndi chinsinsi cha chitetezo cha dziko," inatero nunguyo. "Amene wamva asamve."

Ndiye inu a Thombozi, musaseke, munali oyamba. Munagwira makutu anu n'kuwazula mofatsa, osatuluka magazi, n'kuwaika pa sosala pambali pa kapu ya tiyi. Ena onse anatsatira. Masosala anadzaza makutu, ena akugwederabe. Munthu wopanda makutu khosi lake silichedwa kulowa m'mapewa, ndiye ndinaona makosi akulowa, maso akutuzuka, pakamwa pakutambasuka, ndipo posakhalitsa m'mipando monse munali achule ovala majekete. Ine ndinayesa kuzula anga, sindinama, chifukwa a Nduna anali atalamula kudzera m'njira yoyenera. Koma makutuwo ankangopulumuka m'manja.

Mai Kadzakumanja, inu nokha simunazule. Munadzambatuka kuti mutsutse, monga muchitira masiku onse, n'kuima kudikira kuti a Wapampando akulozeni. Koma nsato ilibe chala, ndipo lilime lake linali kuloza kwina. Munaima, munaimabe, mwendo umodzi unatopa n'kuukweza, khosi linatalika ndi kusuzumira, zovala zinayera mbee. Munasanduka kakowa, mwendo umodzi m'mwamba, funso lanu lili kukamwa.

Ndinaona kuti ndatsala ndekha, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma ine si munthu wogubuduza mipando. Ndinakumbukira kuti komiti ili ndi mphamvu yokaona yokha malo isanagamule nkhani, ndiye ndinapempha zimenezo mwa dongosolo lake. Ndinkati akamuona mwanayo ndi maso, ndi khanda lake kumbuyo, ngakhale chule amva chisoni.

"Pempho lavomerezedwa," inatero nsato. "Mkumano sukuimitsidwa. Tipita uli mkati."

Ndiye tebulo linadzuka. Linayamba ndi miyendo yakumbuyo monga imachitira ng'ombe, kenako yakutsogolo, mipando yathu n'kudzukanso ife tili pomwepo. Khoma linatipatukira. Tinatuluka tonse, tebulo patsogolo, nsato itatizungulira, mzinga uli pampando wake kumchira, ndiye tinatsata msewu wa kumalire. Dzuwa linali paliwombo, koma panalibe chinthu chokhala ndi mthunzi. M'mbali mwa msewu munali anthu ambirimbiri, aliyense atavundikira beseni kumutu, ali chete, nkhope zosaoneka. Tinkadutsa iwo osatembenuka. Kunalibe galu wouwa, kunalibe wailesi, kumangomveka miyendo ya tebulo pa tala.

Maikolofoni yanga inapinda khosi n'kundiyang'ana ndi kadiso kake kofiira.

"Bwana Kalilangwe," inanong'ona, "mwana wanuyo mumalankhula naye chilankhulo chanji?"

"Chichewa," ndinatero.

"Ndimayesa mumadzeranso mwa munthu."

"Khala chete iwe, mkumano uli mkati."

Inaweramitsa mutu, koma kadisoko sikanandisiye.

Mtsinje tinawoloka osanyowa. Mlonda wa pamalire anali chipewa chokha chili m'malere, ndipo chinatipatsa sawatcha. Ndiye mwadzidzidzi tebulo linagwada, n'kukhala pansi pabwalo la nyumba ya chitseko chobiriwira ija. Ndinakweza maso. Kumwamba, tsidya la kamsewu kafumbi, kunali mphepete mwa beseni lija, lalikulu kuphimba theka la thambo, lachita dzimbiri m'milomo. Kumeneko kokha n'kumene kunali mthunzi. Unayambira pafupi, poti munthu ataitana mnzake ali mumthunzimo sangachite kukweza mawu.

Sungeni anatembenuka pachingwe paja. Sanadabwe ndi achule, sanadabwe ndi nsato, anaona ine ndekha. Nkhope yake inawala monga inkawalira ali wamng'ono ndikamafika kuchokera kuulendo. Anapukuta manja pachitenje, anabwera chothamanga, n'kugwada pambali pa mpando wanga.

"Adadi, mwabwera osanena? Mwayenda bwanji?"

Ndinamva fungo la sopo ndi la mkaka wa mwana. Dzanja langa linafuna kumugwira pamutu. Koma mkumano unali mkati, ndipo iye sanali phungu, sanali mboni, anali mlendo. Ndinayang'ana kutsogolo n'kuimirira.

"Kudzera mwa inu, a Wapampando, mayiwa auzidwe kuti tayenda bwino, kaya iwo."

Nsato inameza. Sungeni sanamve kanthu, anangoona bambo ake akulankhula ndi njoka, iye atamupatsa nkhongo. Anadikira ali chigwadire.

"Mwandikwiyira, adadi?" anafunsa. "N'chifukwa choti sindinabwere naye kudzakuonetsani? Mayendedwe ndi amene anavuta. Nayu, muoneni."

Anatembenuka kuti ndione khandalo. Linali lonenepa bwino, mphumi yake ya kwathu yeniyeni. Koma silinandiyang'ane. Maso ake anali kumwamba, osaphethira, ngati likudikira munthu amene linamva kuti akubwera. Ndinaloza chotupa chija chimene chinkayenda m'thupi la nsato, kuti Sungeni adziwe kuti moni wake ali m'njira. Iye anayang'ana chotupacho, anayang'ana ine, kenako anadzuka mwakachetechete n'kubwerera kuchingwe. Moniyo anadzatulukira kumchira iye atachoka kale. Anagwera pafumbi n'kusweka, mawu anga n'kumveka akuti tayenda bwino, kaya iwo, ndipo nkhuku inabwera n'kujompha zotsalazo.

Zinandiwawa, abale. Kumaloto komweko ndinamva kuwawa.

"Komiti yaona malo," inatero nsato. "Tsopano tigamule. Ovomereza kuti mizinga igulitsidwe anene kuti eya."

Simunamve funsolo, a Thombozi, makutu anu anali pa sosala. Koma pakhosi panu panafufuma, ndi pa anzanu onse, ndiye kunamveka eyaaa, eyaaa, ngati dambo mvula itagwa. Malata a nyumba ananjenjemera.

"Okana anene kuti ayi."

Ndinati ayi. Ndinanena ndithu, ndipo Mulungu ndi mboni. Koma linali liwu limodzi, lowuma, ndipo linagwera pamiyendo panga pomwepo. Ndinacheukira kwa kakowa kuti andithandize. Munatsegula mlomo, Mai Kadzakumanja, koma nsato inati amene sali pampando wake savota, ndipo inu munali chiimire, kudikirabe kulozedwa.

"A eya apambana. Mboni yamasulidwa."

Nungu inagoneka minga yake n'kuimirira kuti ithokoze. Inathokoza a Wapampando, inathokoza aphungu mmodzimmodzi, inathokoza abale athu a tsidya, inathokoza makolo amene anayambitsa ubalewo, inathokoza ndi ophika tiyi omwe. Mawu aliwonse ankasanduka dzira, ndipo nsato inkangomeza, mpaka thupi lake linachita mabampu kuyambira kukhosi kukafika pakati. Kenako wina analengeza za chakudya cha masana, nalonso dzira linamezedwa.

Mzinga unadzuka n'kuvala kapu kake.

"Ndagulidwa eti," unatero. "Basi, ndikagwire ntchito. Mnzanga uja wanyamuka kale."

Unayenda mpaka pachingwe paja, n'kuwerama.

"Mayi, mungandigawireko madzi akumwa?"

Sungeni analowa m'nyumba, anatuluka ndi kapu, n'kupereka atagwada, ndi manja awiri, monga tinamuphunzitsira. Mzinga unamwa onse. Unayang'ana matewera aja, unayang'ana khanda, unayang'ana denga la nyumba ngati ukuliyeza.

"Zikomo, mayi. Ndibweranso posachedwapa, kungoti sindibwera wathunthu."

"Muyende bwino," anatero Sungeni.

Ndiye unakwera. Panalibe moto, panalibe phokoso, unangonyamuka ngati wina akuukoka ndi chingwe, ukucheperachepera. Chakum'mawa kunaoneka mzere woyera ngati wa choko ukubwera. Mizere iwiriyo inayandikana pamwamba penipeni pa ife, n'kukhudzana. Kunawala kamodzi, mwakachetechete. Achule anaomba tebulo.

Kenako ndinaona timadontho takuda pamene panawala paja. Tinali tambiri, ngati mbalame zakutali, koma sitinkauluka, tinkangokula. Tinkatsika pang'onopang'ono, moti nthawi inalipo. Mvetsani bwino pamenepa, nthawi inalipo. Mthunzi wa beseni unali tsidya la kamsewu kokha. Sungeni ndi mwana wothamanga, kusukulu ankapambana mipikisano. Akanangomva liwu limodzi akanafika mumthunzimo, khanda lili kumbuyo, n'kutsalanso ndi mpweya. Koma iye anali atapatsa thambo nkhongo, chopanira zovala chili pakamwa, akukutumula thewera.

"Bwana," inanong'ona maikolofoni. "Kuwani."

"Mkumano sunatsekedwe."

"Mwanayo ali apa. Mutchuleni dzina basi."

"Ndi mlendo. Sindingalankhule naye."

Kadiso kake kofiira kanazima.

"Onani, ndazima. Palibe akujambula, palibe akumva. Makutu onse ali pa sosala."

Ndikufuna mundimvetse, chifukwa apa m'pamene pakundisowetsa mtendere. Mumadziwa maloto aja munthu umafuna kukuwa mawu osatuluka, kapena kuthawa miyendo italemera. Sizinali choncho. Pakamwa panga panali potseguka, mpweya unali wodzaza m'chifuwa, miyendo inali yopepuka. Palibe anandigwira. Nsato inali kuwodzera ndi kukhuta, nungu inali kukonza tayi wake. Ndikanatha kukuwa, ndikanatha kulumpha tebulo n'kukamukoka dzanja.

Ndinaimirira. Ndinamanga batani la jekete. Ndinawerama pang'ono monga tichitira.

"Kudzera mwa inu, a Wapampando, ndikupempha kuti mayi ali pachingwewo auzidwe mwamsanga kuti athawire mumthunzi."

Linali pempho labwino, lopanda polakwika. Nsato inatsegula diso limodzi, inayasamula, inameza. Dzira langa linatsika kukhosi, linayenda pang'ono, ndiye linagunda mazira a a Nduna aja n'kuima. Kutsogolo kwake kunali kuthokoza konse kuja, ndi ophika tiyi, ndi chakudya cha masana, zonse zili pamzere.

Ndinagwada n'kugwira thupi la a Wapampando. Linali lozizira ngati mpope wa madzi m'mawa. Ndinayamba kukankha chotupa changacho ndi manja onse awiri, ndikufinya, ndikukankha, thukuta lili kamukamu. Chinasuntha pang'ono. Ndinayang'ana kumwamba, timadontho tija tinali titakula, tsopano ndinkaona kuti ndi zitsulo zopindikapindika, zina zikufuka utsi, china ndi kapu kaja. Ndinakankhanso. Pabwalo ponse panayamba kugwa timithunzi, koyamba chifikireni, tikuyenda pa matewera oyera aja.

Sungeni anatembenuka. Anaona bambo ake atagwada pafumbi, mu suti, akufinya njoka. Anachotsa chopanira chija pakamwa.

"Adadi, pali chimene mukufuna kundiuza?"

Anali pafupi moti ndinkaona timadontho ta madzi pamikono pake. Khanda linali litayamba kumwetulira kumwamba. Ndiye ine, Kalilangwe, bambo wake womubala, ndinakweza dzanja limodzi n'kumupatsa chizindikiro chakuti adikire, linalo n'kuloza chotupa chija, kuti aone kuti uthenga wake ukubwera.

Anadikira. Mwana ameneyu ndinamulera ndine, amadziwa kuti wamkulu akati dikira umadikira. Anaika thewera paphewa, anapinda manja kutsogolo, n'kuima pomwepo akundiyang'ana, osakayika ngakhale pang'ono kuti zimene bambo ake akumukonzera ndi zabwino.

Chitsulo choyamba chinagwera padenga la nyumba yake. Gu. Chinagubuduzika pa malata. Chachiwiri chinagwera pafupi. Gu. Iye sanacheuke, maso ake anali pa ine. Ndinakankha chotupa chija ndi mphamvu zanga zonse, ndipo mthunzi waukulu unamuphimba nkhope.

Gu.

Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera, mphepo ikuomba, ndipo anali mango akugwera padenga la khitchini yathu. Ndinapezeka nditagwada pabedi, ndikufinya pilo ndi manja awiri. Mai a Sungeni anali ataima pakhomo la chipinda, tsache lili m'manja, akundiyang'ana.

"Mwatani kodi, bambo a Sungeni? Mwakhala mukubwebweta kuyambira mbandakucha."

"Ndimati chiyani?"

"Mumangoti kudzera mwa inu, kudzera mwa inu. Ine ndimayesa mukupemphera."

Ndinakhala pansi.

"Nanga dzina la mwana ndinalitchula?"

Anaganiza kaye, chifukwa mayi amene uja sayankha zongokusangalatsa.

"Ayi," anatero. "Munatchula a Wapampando okha."

Anatuluka kukasesa. Padenga panagwanso mango ena.